Ndikunyamula zitsulo koma sikelo yakana kutsika, ndisiye?

Funso lafika kuchokera kwa mayi wina wa zaka 34 wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti chaka chatha anali ndi makilo 89, anayamba kuyenda wapansi mmawa uliwonse, anasiya shuga mu tiyi komanso ma Fanta, ndipo mmiyezi inayi anatsika kufika pa 82. Kenako analowa jimu nkuyamba kunyamula zitsulo katatu pa sabata. Pano papita masabata 7 sikelo ikungozungulira pompo, lero 81.6 mawa 82.8. Mphamvu akuti zikubwera, masikwati (masewera onyonyomala ndi kudzuka) anayamba ndi bala, chitsulo chachitali chija amasenza pamapewa, yopanda kanthu pano akuikapo makilo 20, siketi ya kuntchito yayamba kukhwepa, koma mtima ukuwawa. Akufunsa ngati asiye zitsulo abwerere koyenda basi, kapena agule tiyi woondetsa amene mnzawo akutsatsa pa WhatsApp.

Achemwali, zitsulo musasiye, ndipo ndalama ya tiyiyo isungeni mugulire mazira. Ndayamba ndi yankho dala chifukwa ndikudziwa mmene mtima umakhalira munthu ukadzuka 5 koloko kudakali mdima, kuzizira kwa mu June kuja, kupita ku jimu kukatuluka thukuta, kenako nkukwera pa sikelo iyo nkukuonetsa nambala yomwe ija ya mwezi watha. Zimafoola nkhongono. Ndaona anthu ambiri akusiyira pompa ndipo chimandiwawa nchoti amasiya nthawi yomwe zinthu zayamba kuyenda.

Koma sindikufunanso kukunyengererani ndi mawu aja amakonda kunena ma kochi ena oti "osadandaula amayi, zonsezo ndi minofu". Pena zimakhala zoona, pena ayi. Nde tiyeni tione bwinobwino.

Sikelo siidziwa kusiyanitsa kanthu. Imayeza mafupa, magazi, minofu, mafuta, madzi, ngakhale nsima ya dzulo madzulo yomwe idakali mmatumbo, zonse imaziphatikiza nkukupatsani nambala imodzi. Taonani manambala anu omwewo. Kilo imodzi ya mafuta a mthupi imasunga makalori, muyezo wa mphamvu ya mu chakudya, pafupifupi 7,700. Kuti munthu achoke pa 81.6 kufika pa 82.8 ndi mafuta enieni ndiye kuti wadya makalori oposa 9,000 pamwamba pa zomwe thupi lagwiritsa ntchito, chakudya cha masiku anayi kuchimaliza usiku umodzi. Inu simunapange zimenezo. Amenewo ndi madzi.

Madziwo akuchokera kuti? Munthu akayamba kunyamula zitsulo minofu imayamba kusunga shuga wambiri woti izigwiritsa ntchito pa training, azachipatala amamutcha glycogen, ndipo gramu imodzi ya glycogen imakhala ndi madzi pafupifupi magramu atatu. Thupi la munthu wamkulu litha kusunga glycogen wokwana theka la kilo, nde mukaphatikiza ndi madzi ake mukuona nokha kuti tikukamba za kilo imodzi kapena ziwiri zomwe zimangolowa ndi kutuluka. Kuwawa kwa ntchafu kuja mumamva tsiku lachiwiri mukapanga masikwati, mpaka kukhala pansi kumavuta, ndi minofu yomwe yang'ambika pang'onopang'ono mkati ndipo ikudzikonza, pokonzapo thupi limatumizako madzi. Mukadya zamchere kwambiri monga chipisi cha pa chiwaya kapena kanyenya, mawa lake sikelo imakwera. Ndipo inu ngati mayi pali nkhani ya kumwezi, masiku angapo musanayambe kusamba thupi limagwira madzi, ena kilo yathunthu ena kuposa apo. Nde tangoganizani, mwina mmasabata 7 amenewa mwachotsa mafuta okwana kilo imodzi ndi theka koma madzi abwera kudzakhala pamalopo, sikelo ingonena kuti palibe chachitika.

Tsopano nkhani ya minofu. Anthu amati minofu imalemera kuposa mafuta, zimenezo amazinena mokhota. Kilo ndi kilo basi. Kusiyana kwake ndi malo omwe chinthucho chikutenga. Lita imodzi ya minofu imalemera pafupifupi makilo 1.06 pomwe lita ya mafuta ndi 0.9, komanso mafuta amakonda kuunjikana pamimba, mchiuno ndi mmikono pomwe minofu imamwazikana thupi lonse ndipo imakhala yothinana. Nchifukwa chake siketi yanu ikukhwepa koma nambala ili pompo. Siketiyo ikunena zoona kuposa sikelo.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amadzinamiza. Minofu imakula mochedwa kwabasi. Mwamuna woyamba kumene, wodya bwino, wogona bwino, akachita mwayi amawonjezera theka la kilo kapena kilo imodzi pamwezi, ndipo kwa amayi nthawi zambiri ndi theka la zimenezo. Mphamvu zomwe zabwera msangazi, kuchoka pa bala yopanda kanthu kufika poikapo makilo 20, gawo lalikulu ndi ubongo ndi mitsempha zomwe zaphunzira kulamula minofu yomwe munali nayo kale. Nde mmasabata 7 minofu yatsopano mwina siinakwane nkomwe kilo. Kwa miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira madzi ndi minofu zitha kubisa kuonda kwanu, shuwa. Koma munthu akatha miyezi isanu ndi umodzi sikelo ili pompo, zovala zili chimodzimodzi, nkumati ndi minofu, pamenepo nkhani yasintha. Ndinenenso za mantha aja oti zitsulo zimapangitsa mkazi kuoneka ngati mwamuna, ayi ndithu, ndi mlingo wa mahomoni omwe muli nawo sizingachitike mwangozi.

Chomwe ndikufuna mupange ndi ichi. Pitani kwa telala kapena mu msika mukagule tepi yoyezera ija ya masentimita. Mmawa mukadzuka, mutapita kale kuchimbudzi, musanadye kanthu, yezani chiuno pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la mchiuno, kwa ambiri ndi chapamwamba pang'ono pa mchombo. Osakoka mimba mkati, tulutsani mpweya mwachizolowezi, tepi igwire khungu koma isalowe mnofu. Yezaninso pa mbina ndi pa ntchafu imodzi, lembani mu kope, kamodzi pa sabata tsiku lomwelomwelo. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi woti chiuno chisafike theka la kutalika kwanu, ngati ndinu wa masentimita 162 cholinga chikhale pansi pa 81. Mafuta a pamimba ndi omwe amayenda ndi matenda a shuga ndi BP, nde chiuno chikamatsika mukupindula olo sikelo itakana.

Ndikukumbuka mayi wina mphunzitsi amene ndinkamuphunzitsa masewerowa, tsiku lina anatsika pa sikelo nkukakhala pa benchi chete, nsapato imodzi ili mmanja, maso ali pansi. Miyezi iwiri nambala osasuntha. Ndinatulutsa kope lomwe tinalemba tsiku loyamba, tinayezanso chiuno, chinali chitatsika ndi masentimita 5. Anandiuza kuti ndibwereze akuganiza kuti tepi yapotoka. Kenako anakumbukira yekha kuti lamba wake anakaboolitsa bowo lina sabata yapitayo.

Sikeloyo musaitaye koma muisinthe ntchito. Dziyezeni katatu kapena kanayi pa sabata, mmawa, pa sikelo imodzi yomweyo, pa simenti osati pa kapeti, kenako phatikizani manambalawo nkugawa kuti mupeze ya pakati. Muzifananiza sabata ndi sabata, ndipo kwa amayi chabwino koposa nkufananiza sabata ino ndi sabata yofanana nayo ya mwezi watha. Izi zoyeza lero ku jimu madzulo mutavala nsapato, mawa pa sikelo ya mnyamata wa mmbali mwa msewu ku tauni, zimangokupatsani BP.

Nanga ngati patha masabata anayi tepi nayo yakana, zovala zili momwemo? Pamenepo ndiye kuti kuonda kwaimadi, ndipo chifukwa chake sichodabwitsa. Thupi la makilo 82 silifuna chakudya chofanana ndi thupi la makilo 89. Makilo 7 mwatulawo ali ngati chigubu cha malita 7 a madzi chomwe munkayenda nacho kulikonse, pokwera masitepe, popita ku mpopi, pokwera minibasi. Mwachitula, nde ntchito yachepa. Chakudya chomwe chinkakuondetsani chaka chatha pano chikungokwanira kukusungani pomwe mulipo. Pamwamba pa apo thupi likaona kuti likuonda limayamba kuumira, limachepetsako mphamvu zomwe limawononga ndipo njala imakula.

Pali kafukufuku wina amene ndimakonda kuuza anthu chifukwa anachitikira kwa aneba athu. Herman Pontzer ndi anzake anakayeza anthu a mtundu wa Hadza kumpoto kwa Tanzania, anthu omwe amakhalira kusaka nyama, kufula uchi ndi kukumba mizu, amayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku. Zotsatira zinatuluka mu 2012 ndipo zinadabwitsa ambiri, mphamvu zomwe matupi awo amagwiritsa ntchito patsiku zinali zofanana ndi za anthu a ku America ndi ku Ulaya akaganizira kukula kwa thupi. Izi sizikutanthauza kuti masewera alibe ntchito, a Hadza matenda a mtima ndi shuga ndi osowa pakati pawo. Zikungoonetsa kuti thupi limadziwa kubweza, likawononga apa limapulumutsa apo. Ndipo ife timabwezanso osadziwa. Ndikufunseni achemwali, chilowereni jimu kuyenda kwa mmawa kuja mukupangabe? Ndikukayika, chifukwa ambiri amasinthanitsa. Kale mumayenda ola lathunthu masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, pano ndi jimu katatu, ndipo tsiku la jimu mwatopa nde kamtunda koyenda mphindi 15 mukukwera kabaza, kunyumba mukangofika ndi pa mpando kutuma ana. Ola limodzi la zitsulo, ndi kupuma kuja timapuma pakati, kwa ambiri limangowotcha makalori 200 kapena 300. Mandasi awiri atha kufafaniza zonsezo. Ngakhale minofu yomwe amati imawotcha mafuta uli mtulo, kilo imodzi imangogwiritsa ntchito makalori pafupifupi 13 patsiku, osakwana nkomwe tisupuni imodzi ya shuga. Zitsulo ntchito yake yaikulu nkuteteza minofu ndi mafupa kuti zomwe zikuchokazo zikhale mafuta. Nde kuyenda kubwerere, zonse ziwiri ziziyenda limodzi.

Tsopano tilowe ku khitchini, komwe nthawi zambiri kumakhala yankho. Musamve ngati ndikukunenani bodza. Mu 1992 madokotala a ku New York anafalitsa zomwe anapeza atayeza anthu omwe ankati akudya pang'ono kwambiri koma sakuonda, anapeza kuti anthuwo ankachepetsa zomwe adya ndi 47 peresenti ndipo masewera omwe apanga ankawachulukitsa ndi 51 peresenti. Sankanama dala, mutu wa munthu umangoiwala. Ndipo zitsulo zimabweretsa njala yoopsa, ukachoka ku jimu umamva ngati uli ndi ufulu wodya chilichonse.

Malo oyamba kuyang'ana ndi botolo la mafuta ophikira. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Ndani wa ife amayeza ndi supuni? Timangopendeketsa botolo mpaka pansi pa poto pachite nyezinyezi, tomato ndi anyezi nkumasambira, kenako mafuta ena mu mpiru, ena mu nyemba, ena pokazinga mazira a mmawa. Yesani tsiku limodzi lokha, mmalo mothira mu poto thirani kaye mu kapu mlingo womwe mumathira nthawi zonse, kenako muwerenge masupuni. Ambiri amapeza anayi kapena asanu pa ndiwo imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nsinjiro nazo, zabwino ndithu ku thupi ndipo sindikuti musiye, koma mtedza uli ndi makalori oposa 550 pa magramu 100, nde chisoso kapena nkhwani wotendera bwinobwino si "masamba chabe", ndipo mtedza wokazinga uja mumatafuna mu ofesi dzanja limodzi, lachiwiri, lachitatu, ndi chakudya chathunthu. Shuga munasiya mu tiyi, mwachita bwino, nanga thobwa, maheu a mbotolo, juwisi, Sobo? Nsima sindikuletsani ine, ndine wa nsima ndipo ndimadana nazo zouza Mmalawi kuti asiye nsima adye zinthu zomwe sangazikwanitse mwezi wathunthu. Koma mtanda umasiyana ndi chipande chomwe mwaomolera. Ngati mumadya iwiri ikuluikulu yesani umodzi ndi theka, kapena pezani chipande chaching'ono, ndiwo zamasamba zichuluke mpaka theka la mbale. Mgaiwa umakhalitsa mmimba ndipo uli ndi zofunika zambiri kuposa ufa woyera, koma pa makalori sizisiyana kwenikweni, nde osati poti ndi mgaiwa tidye itatu.

Kenako wikendi. Lolemba mpaka Lachisanu munthu amasamala, Loweruka kuli bridal shower, Lamulungu kuli chinkhoswe kapena alendo kunyumba, mpunga, chipisi, nkhuku yokazinga, keke, tibotolo tiwiri titatu. Zomwe mwapulumutsa masiku asanu zitha kubwerera masiku awiri amenewa. Lembani chilichonse cholowa mkamwa kwa masiku 7, kuphatikiza zolawa pophika ndi zotsala za mwana, musasinthe kadyedwe, ingolembani. Mudzaona nokha pomwe pakudontha.

Mukapapeza musadule kwambiri. Kuchotsa makalori 200 kapena 300 patsiku nkokwanira, ndiye kuti supuni imodzi ya mafuta ndi theka la mtanda. Izi zomangomwa madzi a mandimu tsiku lonse nkudya kamodzi zimakugwetsani mphamvu ku jimu, thupi limayamba kudya minofu yomwe mwaivutikira, ndipo pakatha masabata awiri njala imapambana.

Chomwe muwonjezere ndi mapuloteni. Kwa wonyamula zitsulo kafukufuku amaloza pa magramu pafupifupi 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi patsiku, ndipo kwa munthu amene akufuna kuonda ndi bwino kuwerengera kulemera komwe akufuna kufikako. Tinene kuti mukufuna 70, ndiye magramu cha mma 110. Sizifuna zigubu zodula za ufa wa mapuloteni wa whey zija. Dzira limodzi lili ndi magramu 6, kapu ya nyemba zophika cha mma 15, nyama ya nkhuku yophika magramu 100 ili ndi pafupifupi 30, ma soya pieces ouma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi puloteni, usipa ndi bonya wouma nayenso ali ndi wambiri zedi ndipo timadya ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. Onjezani chambiko, nandolo, khobwe, nzama. Chinsinsi nchoti pa chakudya chilichonse pakhale chimodzi mwa izi, makamaka mmawa pomwe ambiri timangodya buledi kapena mbatata ndi tiyi. Mapuloteni amakhutitsa, muona kuti njala ya 10 koloko ija yachepa. Ngati muli ndi vuto la impso funsani kaye adokotala musanachulukitse.

Tulo musatipeputse. Ku University of Chicago mu 2010 anayesa anthu 10 pa chakudya chochepetsedwa chofanana, masabata awiri akugona maola 8 ndi theka, masabata ena awiri maola 5 ndi theka. Makilo otsika anali ofanana, koma pomwe ankagona pang'ono mafuta ochoka anachepa ndi 55 peresenti, zambiri zochoka zinali zina osati mafuta. Anthu ake anali ochepa, komabe ndi zomwe ndimaona. Ngati mukudzuka 5 koloko foni izizima 9 koloko kapena 10.

Za tiyi wa mnzanuyo. Ambiri mwa matiyi amenewa amaikamo masamba a senna omwe ndi mankhwala otsegula mmimba, ena amaikamo zokodzetsa. Sikelo itsikadi masiku atatu oyamba chifukwa mwataya madzi ndi za mmatumbo, mafuta ali pompo. Mukamwa nthawi yaitali mchere wofunika mthupi monga potassium umatsika, zomwe zitha kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo matumbo amazolowera mpaka kuchimbudzi osapita popanda tiyiyo. Choopsa china nchoti zambiri zogulitsidwa pa foni sizilembedwa nkomwe zomwe zili mkati.

Simunanene ngati mukumwa mankhwala aliwonse, nde ndingotchulako. Jakisoni wolera wa miyezi itatu, Depo, amanenepetsa amayi ena. Mankhwala a prednisolone, ena a matenda a maganizo komanso insulin amachitanso chimodzimodzi. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe kuno ku Malawi anthu anayamba kusinthidwira mu 2019, kafukufuku wa ku Johannesburg anaonetsa kuti amawonjezera thupi makamaka kwa amayi. Chonde chonde, wina aliyense akuwerenga izi, musasiye mankhwala panokha chifukwa cha sikelo, kakambiraneni ndi achipatala. Ndipo ngati mukumva kutopa kosatha, kuzizidwa pomwe ena akumva kutentha, tsitsi kuthothoka, kapena kumwezi kukudumphadumpha ndi tsitsi kumera pachibwano, kayezetseni chithokomiro ndi PCOS, vuto la mahomoni lomwe limasokoneza kumwezi kwa amayi, zimenezi zimathandizika.

Kwa inu achemwali, poti siketi ikukhwepa ndipo zitsulo zikukwera, ine ndikuona ngati simunaime nkomwe. Masabata anayi akubwerawa pitirizani jimu katatu ndipo muziwonjezera kulemera pang'onopang'ono mukaona kuti zapepuka, masiku opanda jimu yendani mphindi 40 ngati kale, mafuta muziyeza ndi supuni, mmawa muzidya mazira awiri. Chakudya china chisiyeni mmene chilili kaye kuti tidziwe chomwe chagwira ntchito. Pakatha mwezi mundilembere manambala a tepi a masabata onse anayi, nambala ya pakati ya sikelo sabata iliyonse, ndi kope lija la zakudya za masiku 7, osachotsamo za Loweruka.